Paul Ngozi, mwana wa ku Chibolya amene analankhulitsa gitala ya magetsi Cinyanja

Papita zaka zoposa 30 cimwalirire a Paul Ngozi, koma dzina lao likali kumveka kuno kum'mawa. Funsani mdala aliyense wa ku Kapata, ku Mchini kapena kumidzi ya ku Chiparamba amene anali mnyamata m'zaka za m'ma 1970, adzakuuzani kuti nyimbo ya a Ngozi ikayamba pa wailesi panalibe wofunsa kuti woimbayo ndani. Gitala yao inali kulira mokalipa ngati cigayo cimene cangolandira cimanga couma, ndipo pamwamba pa phokosolo panali kubwera mau a Cinyanja comwe timalankhula pamsika. Lero tikumbutsane za moyo wa munthu ameneyu ndi za cida cimene anali kudyera, pakuti zida zonga cimeneco zikalimo m'nyumba zathu ndi m'zipinda zosungiramo katundu m'maparishi, ndipo zambiri zikuonongeka ife tikuona.

Dzina lao lenileni anali Paul Dobson Nyirongo. Anabadwa mu 1949 ndipo anakulira m'komboni ya Chibolya mu Lusaka, nthawi imene dziko lino linali kudziwika ndi dzina la Northern Rhodesia. Pamene tinalandira ufulu mu 1964, iwo anali mnyamata wa zaka 15. Chibolya sinali malo a anthu opeza bwino, ndipo moyo wa m'komboni, wa njala, mowa, nkhongole ndi maukwati osweka, ndi umene pambuyo pake unadzaza nyimbo zao. Cilankhulo ca m'makomboni a Lusaka cinali Cinyanja, cifukwa ca makolo athu amene anatsika ndi mseu wa Great East kukafuna nchito, ena kukalowa upolisi ndi usilikali. N'cifukwa cake ife a ku Chipata, Katete, Petauke ndi Chadiza sitinamuone woimbayu ngati mlendo.

Zaka zoyambirira za ufulu zinali za ndalama. Mkuwa unali kugulidwa pa mtengo wabwino kunja, anthu a m'migodi anali kulandira malipiro, ndipo mahotela, mabala ndi makilabu a migodi anali kufuna mabandi oimba usiku. Pa wailesi ndi pa marekodi acinyamata anali kumva The Beatles, The Rolling Stones, Black Sabbath, ndiponso Jimi Hendrix, munthu wakuda wa ku America amene anamwalira mu 1970 atasinthiratu kaimbidwe ka gitala. Mnyamata aliyense anafuna kukhala Hendrix. Koma kufuna ndi kukhala nayo gitala zinali zinthu ziwiri. Ana ambiri a m'komboni ndi kumudzi anali kuyambira pa banjo ya cigubu ndi waya, monga mmene ana athu amacitira mpaka lero. Gitala ya magetsi inali kucokera kunja, mtengo wake unali waukulu, ndipo kawirikawiri zida zinali za mwini bala kapena mwini bandi. Woimba akakangana ndi bwanayo anali kucoka cimanjamanja.

Tiime pang'ono tione cida cimeneci, cifukwa ambiri timaciona m'chalichi Sabata iliyonse koma sitidziwa mmene cimagwirira nchito. Gitala ya magetsi ilibe cibowo cacikulu ngati gitala wamba. Thupi lake ndi thabwa lolimba, ndipo ukaiimba yosalumikiza imangonong'ona. Pansi pa nsambo pali tizipangizo timene oimba amati mapikapu. M'kati mwa kalikonse muli maginito ozengedwa ndi kawaya ka mkuwa kocepa ngati tsitsi, kozungulira maulendo masauzande angapo. Nsambo yacitsulo ikanjenjemera pamwamba pa maginito, m'kawayako mumabadwa mphamvu yocepa kwambiri, imene imayenda m'cingwe kupita ku ampulifaya, ndipo ampulifaya ndiyo imaikulitsa mpaka sipika ilire. Magitala a mtundu umenewu anafala kucokera ku America: Leo Fender anatulutsa Telecaster kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950 ndi Stratocaster mu 1954, ndipo kampani ya Gibson inatulutsa Les Paul mu 1952. Ife cimatisangalatsa n'cakuti mtima wa cida cimeneci ndi mkuwa, cinthu comwe dziko lathu limakumba ndi kutumiza kunja.

A Nyirongo anayamba kuimba m'mabandi ang'onoang'ono a mu Lusaka, limodzi la iwo lochedwa The Scorpions. Kenaka anapita ku Nairobi m'dziko la Kenya, kumene anaimbako kanthawi ndi bandi ya Musi-O-Tunya, imodzi mwa mabandi amene anayambitsa mtundu wa nyimbo umene lero umachedwa Zamrock. Atabwerako anakhazikitsa bandi yaoyao, Ngozi Family. Pa ng'oma panali a Chrissy Zebby Tembo, mnzao wakale, ndipo pa besi panadzakhala a Tommy Mwale. Anthu atatu cabe, koma phokoso lao linali ngati la khamu.

Nthawi inawakomera. Capakati pa zaka za m'ma 1970 a Kenneth Kaunda analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse zoulutsidwa pa wailesi ya boma zikhale za oimba a m'dziko muno. Mwadzidzidzi wailesi inakhala ndi njala ya nyimbo za kwathu. Ku Ndola kunali kampani ya Teal imene inali kudinda marekodi, ndiponso Zambia Music Parlour ya a Edward Khuzwayo, amene anatenga oimba ambiri pansi pa dzanja lao, kuphatikizapo a Ngozi. Mu 1976 kunatuluka cimbale ca Day of Judgement. Mu 1977 kunatuluka 45,000 Volts, cimene anakacijambulira ku Nairobi. M'zaka zomwezo anatulutsanso The Ghetto, ndipo bandi yomweyo ndiyo inaimbira a Tembo pa cimbale cao ca My Ancestors. Maina a zimbalezo ndi Acingelezi, ndipo nyimbo zina anaziimbadi m'Cingelezi, koma pambali pake panali nyimbo za m'cilankhulo cathu, ndipo zimenezo ndi zomwe zinakhazikika m'mitima ya anthu.

Dzina lakuti Ngozi linabwera cifukwa ca macitidwe ao pa siteji. Anali kuimba gitala ndi mano monga Hendrix, ndipo anali kukonda kacipangizo kopondedwa ndi phazi kamene azungu amati fuzz, komwe kamaphwanya mau a gitala kuti azimveka osasa ndi aukali. Makolo ambiri, ndi atsogoleri ena a mipingo, anaona ngati ndi misala cabe ya ana otengera za azungu. Ife tiganiza kuti anaweruza msanga. Munthu amene amangotengera amaimba za ku London asanakuoneko. A Ngozi anatenga cida ca mlendo n'kucigwiritsa nchito yomwe agogo athu anali kugwira ndi nyimbo za pamtondo ndi za pamowa: kudzudzula wolakwa, kuseka wonyada, kulira maliro, kucenjeza ana. Pa cimbale ca 1977 anaikaponso nyimbo yomvera cisoni anzathu a ku Zimbabwe, amene nthawiyo anali pa nkhondo yomenyera ufulu. Mlimi wa ku Chadiza sanali kudziwa kuti fuzz n'ciani, koma nkhani yake anali kuimva bwino lomwe.

Koma zabwinozo sizinakhalitse. Mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975 ndipo sunadzuke msanga. Malire a Rhodesia anali atatsekedwa kuyambira mu 1973, ndipo cakumapeto kwa zaka zimenezo asilikali a Ian Smith anali kuponya mabomba m'dziko muno. Mu 1978 woimba wamkulu wa m'badwo wam'mbuyo, a Alick Nkhata, anaphedwa ku Mkushi pa kuukira kotereku. Boma linaika malamulo oletsa kuyenda usiku ndi ozimitsa magetsi, ndipo bandi imene imadya usiku inasowa kodyera. Ndalama zakunja zinasowa, motero m'masitolo munasowa sopo, mafuta ophikira ndi zitsulo za makina. Nanga nsambo za gitala zikanapezeka bwanji?

Apa ndi pamene oimba a m'badwo wa a Ngozi ayenera kulemekezedwa. Munthu amene sangagule cida catsopano amaphunzira kusunga cakale, monga mlimi amene ali ndi pulawo imodzi ndi ng'ombe ziwiri. Magitala amene analowa m'dziko muno nthawi ya ndalama ndi omwe anapitiriza kulira nthawi ya njala. Ena mwa iwo akalipo. Anacoka m'mabala n'kupita m'manja mwa ana ndi adzukulu, ena anagulidwa ndi makwaya, ena anabwera ndi amishoni kapena ndi abale obwerera kucokera ku migodi. Lero tikawapeza ali pansi pa bedi, kapena atatsamira cipupa m'cipinda momwe muli matumba a feteleza.

Adani a gitala yakale kuno kwathu ndi omwe alimi timawadziwa kale. Woyamba ndi nyengo. Kuyambira Novembala mpaka Epulo mpweya umakhala ndi cinyezi, thabwa limafufuma ndipo zitsulo zimacita dzimbiri. Pofika Okutobala kumauma ndi kutentha, thabwa limafota, ndipo tizitsulo ta pakhosi pa gitala timayamba kutuluka m'mbali n'kumaceka zala. Pamwamba pa izi, nsambo zisanu ndi imodzi zija zimakoka khosilo usana ndi usiku ndi mphamvu yoyandikira kulemera kwa thumba la cimanga la makilogalamu 50. Gitala yoiwalidwa padzuwa, pafupi ndi malata a denga, kapena m'galimoto yotseka masana, khosi lake limapindika. Malo ake ndi m'bokosi lake, kapena yokulungidwa m'nsalu youma, pamwamba osati pa simenti, kutali ndi zenera ndi moto. Ngati ikhala miyezi yambiri osaimbidwa, ndi bwino kumasulako nsambo pang'ono. Ndipo feteleza ndi mcere zisagone nayo cipinda cimodzi, pakuti aliyense anaonapo zimene feteleza amacita ku khasu.

Mdani wina ndi thukuta lathu lomwe. Lili ndi mcere, ndipo ndi lomwe limadya nsambo. Kansalu kouma kopukutira nsambo ndi khosi mukatha kuimba kamatalikitsa moyo wa nsambo koposa mankhwala alionse. Mafuta ophikira, girizi wa njinga ndi polishi ya pansi si za pagitala. Za ciswe, mphemvu ndi makoswe sitinganene zambiri, koma dziwani kuti khoswe amakonda kumanga cisa m'kati mwa ampulifaya ndi kutafuna mawaya ake, ndiye tsegulani bokosi muziyang'anamo kamodzikamodzi.

Koma mdani woopsa koposa onse ndi munthu wa mtima wabwino amene ali ndi sikuludiraiva. M'kati mwa khosi la gitala muli ndodo yacitsulo yoongolera khosilo likapindika. Imafuna kupotoza pang'onopang'ono, gawo locepa la mzungulo umodzi, kenaka n'kudikira thabwa likhazikike. Woikakamiza amaithyola, ndipo ikathyokera m'kati nchito yake ndi yaikulu kuposa mtengo wa magitala ambiri. Kawaya ka mkuwa ka m'pikapu kaja kakaduka sikalumikizika ndi manja wamba. Tizitsulo tokwezera mau tikayamba kukhotakhota phokoso, nthawi zambiri ndi fumbi cabe ndipo timangofuna kutsukidwa ndi mankhwala ake opopera, osati kuzulidwa. Ndiye pali aja amene amaona penti yakale yosweka n'kuganiza zoipala ndi sandipepa kuti apake ina yowala ya pacitseko. Conde, abale, musatero. Kwa anthu odziwa, penti yoyamba ndi zipsera zake ndizo umboni wa zaka za gitala, ndipo yopakidwanso imatsika mtengo kwambiri. Cimene mwacotsa, kaya ndi kasikuluu, cisungeni m'bokosi momwemo.

Tinenepo za mtengo, cifukwa tidziwa kuti ena ayamba kale kuwerengera. N'zoona kuti Gibson Les Paul ya mu 1959 imagulidwa madola masauzande mazana angapo kunja. Koma si gitala iliyonse yakale imene ili cuma. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 mafakitale a ku Japan anapanga magitala ambiri ochipa otengera a ku America, ena abwino ndithu, ndipo ngakhale amenewo ali ndi owafuna lero, mtengo wao ndi wapakati. Cofunika n'cakuti komiti ya kwaya kapena banja lisagulitse mothamanga kwa munthu wodutsa amene wabwera ndi kiyibodi yatsopano kuti musinthane. Lembani dzina limene lili kumutu kwa gitala ndi nambala yake, imene imapezeka kumutu komweko kapena pa kacitsulo ka kumbuyo pamene khosi lakumana ndi thupi. Jambulani zithunzi, funsani anthu angapo. Ngati ndi ya mpingo, ilembedwe m'buku la katundu wa parishi, pamodzi ndi mbiri yake: anaibweretsa ndani, caka canji, anaiimbapo ndani. Acikulire odziwa zimenezi akutha.

Dzina la cimbale cija la 45,000 Volts linali kunyadira mphamvu ya nyimbo, koma magetsi enieni sacita nthabwala. M'gitala mwenimwenimo mulibe magetsi opha munthu, ngozi ili mu ampulifaya. Nsambo zimalumikizana ndi ampulifaya kudzera m'cingwe, ndiye ngati waya wa ethi unadulidwa, kapena mawaya alowetsedwa m'soketi ndi timitengo ta macisi monga timaonera m'misonkhano ina, woimba angagwidwe atagwira gitala ndi maikolofoni nthawi imodzi. Mu 1972 woimba gitala wa ku Scotland, Leslie Harvey, anafera pa siteji ku Swansea atakhudza maikolofoni yolumikizidwa molakwika. Magetsi athu ndi a mavoti 230, pamene ampulifaya yopangidwira ku America imafuna 110 kapena 120, ndipo yoteroyo ikalumikizidwa popanda thiransifoma imapsa nthawi yomweyo. Kumidzi kumene timadalira jenereta, iyambe yalira ndi kukhazikika musanalumikize zida. Ampulifaya zakale za mavalavu zimasunga mphamvu m'kati ngakhale zitazimitsidwa, conco mwana wokonda kutsegula mawailesi asaziyandikire.

Tibwerere kwa mwini nkhani. Pofika zaka za m'ma 1980 zinthu zinali zitasintha. Mabala anaona kuti kulipira munthu mmodzi woika marekodi a disiko n'kochipa kuposa kudyetsa bandi yonse. Makaseti anafika, ndipo aliyense anali kukopera mnzake nyimbo popanda woimba kulandira ngwee. Makutu a anthu anatembenukira ku kalindula wa a P.K. Chishala, Amayenge ndi ena. Mabandi ambiri a Zamrock anapasuka, oimba ena anakalowa nchito zina, ena anasamukira kunja. A Ngozi sanasiye. Anapitiriza kujambula nyimbo m'zaka zimenezo, ndipo anthu ambiri amawakumbukira kwambiri cifukwa ca nyimbo za nthawi imeneyi, zokamba za m'banja ndi za makhalidwe a m'tauni, zoseketsa koma zoluma.

Anamwalira mu 1989 ali ndi zaka 40 cabe. Zinali zaka zowawa. Cuma ca dziko cinali pansi, ndipo mliri wa Edzi unali kusesa anthu a msinkhu umenewo m'mabanja ambiri, kufikira a Kaunda mu 1987 anaulula poyera kuti mwana wao Masuzyo anafa ndi matendawo. M'badwo wa oimba a Zamrock unatha pafupifupi wonse. M'bandi yochuka ya WITCH, mwa amene anaiyamba, anatsala ndi a Emmanuel Jagari Chanda. Mzinda wa Lusaka unalemekeza a Ngozi popatsa dzina lao mseu wina wa ku Kabwata.

Cimene cinatsatira n'cocititsa manyazi pang'ono. Makampani a marekodi atatseka, matepi ambiri oyambirira anatayika. Marekodi amene anali m'nyumba zathu tinawasiya padzuwa n'kupindika, ena ana anaseweretsa. Kwa zaka pafupifupi 20 nyimbo zimenezi zinali kungomveka apa ndi apo pa wailesi. Ndiye anabwera anthu akunja osonkhanitsa marekodi akale, n'kuyamba kufunafuna zimbale zomwe ife tinaziyesa zinyalala. Kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles, yotsogozedwa ndi Eothen Alapatt, inayamba kuzidindanso. Day of Judgement inatulukanso mu 2014, ndipo mu 2017 anatulutsa Welcome to Zamrock, msonkhanitso wa nyimbo za oimba ambiri a nthawi ija. A Jagari Chanda anabwerera pa siteji atakalamba n'kuyamba kuimba ku Ulaya ndi ku America, ndipo mu 2023 WITCH inatulutsa cimbale catsopano.

Mu Okutobala 2024 woimba wochuka wa ku America, Tyler, the Creator, anatulutsa nyimbo yochedwa Noid, imene anaimanga pa cidutswa ca nyimbo ya Ngozi Family ya mu 1977, Nizakupanga Ngozi. Cimbale cake, Chromakopia, cinakhala pa nambala 1 pa mndandanda wa zimbale zogulidwa kwambiri ku America. Acinyamata mamiliyoni a m'maiko akutali anamva mau a mwana wa ku Chibolya akuimba Cinyanja, patapita zaka 35 ali m'manda, ndipo ena mwa adzukulu athu kuno ku Chipata anayamba kumva dzina la Paul Ngozi kudzera pa foni, kucokera ku America.